Foni ya pabanja: musanagule bandulo, ganizirani za usiku

Mwana akatentha thupi pakati pa usiku, kapena mayi woyembekezera matenda akamuyamba, chinthu choyamba chimene mumafufuza mumdima ndi foni. Ngati ilibe moto, ilibe mayunitsi, kapena yapita ndi bambo kumsika, mumayamba kugogoda pamakomo pa anzanu nthawi ikupita. Ife a kuchipatala timaona odwala ambiri ofika mochedwa, ndipo mukafunsa bwino mumapeza kuti matendawo anawaona msanga, koma analibe njira yoitanira wa njinga yamoto. N'chifukwa chake nkhani ya mayunitsi ndi mabandulo ili patsamba lino la zaumoyo.

Yambani ndi netiweki, mitengo ibwere pambuyo. Kuno kwathu ambiri timagwiritsa ntchito TNM, ya manambala oyamba ndi 088, kapena Airtel, ya 099 ndi 098. Iliyonse ili ndi madera amene imagwira bwino ndi ena amene imavuta, chifukwa foni imalumikizana ndi nsanja yapafupi, ndipo phiri, chigwa kapena mtunda wautali zimafooketsa mphamvu yake. Laini yotchipa imene imagwira mukakwera pachulu pokha si yoidalira. Bwerekani foni ya mnzanu muyese kuimba muli m'nyumba, m'chipinda chimene mumagona. Kenako funsani kuti anthu amene mungawafune mwadzidzidzi ali pa laini iti: mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, wa kabaza, mwini galimoto wapafupi, m'bale wanu wa kutauni. Mabandulo ambiri a mphindi amatchipa poimbira a laini yomweyo, ndipo ena sagwira n'komwe mukaimbira laini ina. Ngati foni yanu imalowa masimukhadi awiri, kukhala ndi onse awiri ndi nzeru, bola imodzi ikhale yogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, inayo yongosungira.

Kuti mudziwe ndalama zimene foni imadya pakhomo panu, tengani kope mulembe chilichonse chimene mwagula kwa mwezi umodzi, ngakhale ka K100. Ambiri amadabwa akaphatikiza. Tingoyerekeza: munthu wogula bandulo ya K300 tsiku lililonse amakhala atawononga K9,000 pakutha kwa masiku 30, koma mukamufunsa amati iye sawononga ndalama pa foni. Nthawi zambiri bandulo ya sabata kapena ya mwezi imapereka zambiri pa kwacha iliyonse kuposa ya tsiku. Komabe sindinganene kuti ya mwezi ndi yabwino kwa aliyense. Bandulo imakhala ndi tsiku lothera, ndipo ngati simuimaliza ndiye kuti mwalipirira mphepo. Kwa banja lopeza ndalama za apo ndi apo, ya sabata ndiyo ndimaiona yoyenera: siilemetsa thumba nthawi imodzi, ndipo siikutherani tsiku lililonse.

Pa intaneti ndi pamene ndalama zimathawira. Data imayezedwa mu MB ndi GB, ndipo 1 GB ndi pafupifupi 1,000 MB. Mauthenga olemba a pa WhatsApp ndi opepuka kwambiri, mazanamazana angakwane mu 1 MB. Kuimba kwa mawu okha pa WhatsApp sikukwana 1 MB pa mphindi. Chimene chimameza bandulo ndi kanema. Ola limodzi loonera makanema pa Facebook, TikTok kapena YouTube lingathe ma MB mazana angapo. Choncho mukamva wina akudandaula kuti kampani yamubera, muyambe mwafunsa kuti foniyo inali ndi ndani masana. Lowani pa zosintha za WhatsApp muletse kuti zithunzi ndi makanema a m'magulu zisamadzitsitse zokha, pa Facebook muletse makanema kuyamba okha, ndipo mapulogalamu asamadzikonze okha pa data ya foni. Mukamaliza kugwiritsa ntchito intaneti, zimitsani data, chifukwa pa mafoni ambiri bandulo ikatha foni imatembenukira ku mayunitsi pamtengo wokwera, mwini wake osadziwa.

Palinso timabowo tina timene timadontha mwakachetechete. Nyimbo zomvera okuimbirani, mauthenga a mpira, mipikisano ya pafoni, zonsezi zimadula ndalama tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata mukangovomera kamodzi, ndipo kawirikawiri amene amadina ndi ana. Mukaona mayunitsi akuchepa musanaimbe, imbirani ofesi yothandiza makasitomala ya kampani yanu akuuzeni zimene munalembetsa ndi kuzichotsa. Ngongole ya mayunitsi, Kutapa kwa a Airtel kapena Pasavute kwa a TNM, imabwezedwa ndi kachiwongola dzanja pamwamba. Ndi yothandizadi usiku wa ngozi, ndiye musaimalize pa macheza. Munthu amene ali kale ndi ngongole sangathe kuidalira tsiku limene mwana wadwala.

Manambala ena safuna mayunitsi. Chipatala Cha Pa Foni, pa 929, ndi chaulere pa laini ya Airtel. Chinayamba mu 2011 m'boma la Balaka mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach, poyamba chikuona za amayi oyembekezera ndi ana, ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo ndipo chimayankha mafunso osiyanasiyana a zaumoyo ndi kadyedwe. Nambala ya 116 ndi yofotokozera nkhanza zochitikira ana. Koma dziwani malire a foni. Mwana amene akukomoka, akusanza chilichonse, akulephera kuyamwa kapena kumwa, kapena wafooka kwambiri, sakufunika uphungu wa pafoni. Chimodzimodzi mayi woyembekezera amene akutaya magazi, akumva mutu waukulu ndi kusaona bwino, watupa nkhope ndi manja, kapena nsupa yasweka. Apa foni ntchito yake ndi imodzi, kuitana chokwera chopitira kuchipatala.

Ndiye foni yotani? Kwa ine, kafoni ka mabatani sikonyozeka. Batire lake limakhala masiku angapo, sikadya data, ndipo Airtel Money kapena Mpamba zimagwira bwinobwino chifukwa zimadutsa pa timanambala toyamba ndi nyenyezi, tosafuna intaneti. Banja limene lingakwanitse likhale ndi kafoni kotere kokhalira pakhomo nthawi zonse, makamaka pakakhala mayi wa pakati kapena mwana wakhanda, ndipo foni yaikulu iziyenda ndi amene akuyenda. Mu kafoniko musiyemo mayunitsi oimbira katatu kapena kanayi, ndi ndalama ya thiransipoti yopitira kuchipatala, powerengeranso yodulidwa potapa kwa ejenti. Nambala yachinsinsi aidziwe akuluakulu awiri, osati bambo okha. Ndipo uthenga wonena kuti m'bale wanu wagonekedwa m'chipatala, tumizani ndalama pa nambala iyi, musaukhulupirire musanamuimbire mwini wakeyo pa nambala imene mumaidziwa.

Simukhadi ikhale yolembetsedwa m'dzina la munthu wa pakhomopo. Kuchokera mu 2018, bungwe la MACRA limafuna kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe, ndipo chiphaso cha unzika ndicho chimagwiritsidwa ntchito kwambiri. Foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi, mwini chiphaso ndiye angabwezeretse nambalayo pamodzi ndi ndalama zimene zinalimo. Laini yogula kwa mnyamata wa pamsika italembetsedwa kale m'dzina la munthu wina ikatayika, yapita.

Inu ogwira ntchito zaumoyo mongodzipereka m'midzi, pali mbali ina yokukhudzani. Foni ya pabanja imagwiridwa ndi manja ambiri. Musanalembe nambala ya wodwala m'kaundula, mufunseni kuti foniyo ndi ya ndani, amawerenga mauthenga ndani, ndipo ndi nthawi iti imene mungamuimbire. Uthenga wokumbutsa munthu za ma ARV, mankhwala a TB kapena njira yolera ukagwa m'manja mwa apongozi kapena ana, ungasokoneze banja, ndipo ena amasiya mankhwala chifukwa cha manyazi. Lembani mwachidule, monga "tsiku lathu lija ndi Lachinayi", osatchula matenda. Mukaimba n'kuyankha munthu wina, musafotokoze chimene mwaimbira. Zithunzi za zilonda, za makhadi a sikelo kapena za mabuku a kuchipatala zisatumizidwe m'magulu a WhatsApp. Tumizani kwa wachipatala yekhayo amene akufunika kuona, mwini wake atavomera, kenako muzifufute ngati foniyo imaseweretsedwanso ndi ana.

Pomaliza pake lembani manambala ofunikawo papepala ndi zilembo zikuluzikulu, mumate kuseri kwa chitseko kapena mkati mwa chikuto cha buku la kuchipatala. Foni ikazima manambala onse amazimira momwemo, ndipo amene adzathamangire kukabwereka foni kwa a neba mwina adzakhala mwana wa Sitandade 5.