Musanaikenso Windows, sungani kaye malipoti anu

Kompyuta ikayamba kuchedwa kapena kukana kuyaka, ambiri ku Kabudula amapita nayo kwa okonza pa Nsaru kapena mumzinda wa Lilongwe kuti aikemo Windows mwatsopano. Ntchitoyi imatha kufufuta zonse: malipoti a sikelo ya ana, zithunzi, ngakhale notsi za mwana wa Fomu 4. Choncho koperani kaye zonse pa flash.

Uzani wokonzayo abwezeretse mtundu womwe unalimo. Laisensi ya Home sigwira pa Pro, koma mtundu ukafanana, Windows imadzitsimikiza yokha mukalumikiza intaneti.

Mukadina @ n'kutuluka ", kiyibodi yasinthana pakati pa Chingerezi cha UK ndi cha US. Sankhani yoyenera mu Settings.

Microsoft idasiya kuthandizira Windows 10 pa 14 Okotobala 2025, ndiye funsaninso ngati kompyutayo ingalandire Windows 11.