Khoma la njerwa ndi khoma la bolodi: kupachika katundu wolemera ku Senga Bay

Ku Britain amisiri amalimbana ndi kupachika radiator yotenthetsera nyumba. Ku Salima zimenezo n'zosafunika, chifukwa ikafika Okutobala kutentha kwa ku Senga Bay kumasowetsa anthu tulo. Zimene eni malo ogona alendo amapachika ndi fani, TV ndi makina oziziritsira m'chipinda. Koma funso n'limodzi: kodi khomali linyamula?

Khoma la njerwa limasenza lokha katundu. Mmisiri amaboola ndi dirilo, kupyola pulasitala mpaka kulowa m'njerwa yeniyeniyo, n'kukhomera pulagi. Sikuluu ikamalowa, pulagiyo imafutukuka n'kuluma m'mbali mwa bowo. Ikagwira, yagwira. Komabe si njerwa zonse zimene zili zodalirika. Yosapsa bwino imanyenyeka, ndipo pulagi yolowa pamzere wa matope omangira imazuka ndi dzanja. Mabuloko a simenti, amene achuluka chikhazikitsireni malamulo a mu 2018 oletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga zikuluzikulu, ali ndi mphako, choncho poboola pamafunika kusankha.

Khoma la bolodi ndi nkhani ina. Bolodi ya gypsum n'njopyapyala, mamilimita pafupifupi 12, ndipo kuseri kwake kuli mphako. Mphamvu ili m'mitengo kapena zitsulo zoimirira, zomwe zimatalikirana masentimita 40 kapena 60. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wagogoda: pamene pakulira ngati ng'oma m'pamphako, pamene pakumveka kuti thi m'pamtengo. Sikuluu ziyenera kulowa mumtengomo. Ngati mabowo a bulaketi sakugwirizana ndi mitengo, amakhoma thabwa lopingasa pa mitengo iwiri, bulaketi n'kukhala pathabwapo. Pali mabawuti a mapiko amene amatambasuka kuseri kwa bolodi, ndipo pagalasi kapena kashelefu amakwanira. Koma fani yotembenuka uku ndi uku imagwedeza khoma usiku wonse, bowo n'kumakula pang'onopang'ono.

Kunyanja kuno chinyontho ndi chiswe zimasiyanitsanso makoma awiriwa. Paipi yotulutsa madzi a makina oziziritsira ikapanda kupendekera pansi, madzi amadontha pakhoma. Njerwa imangothimbirira, pamene bolodi imafewa, sikuluu n'kuyamba kugwedera. Chiswe nacho chimadya pepala la bolodi ndi mitengo yosathira mankhwala mwakachetechete, penti kunjaku ikuoneka bwinobwino.

Izi sizikutanthauza kuti bolodi n'njachabe. Imamangika msanga, n'njopepuka, imabisa mawaya popanda kugumula khoma, ndipo amene akugawa chipinda chachikulu kukhala ziwiri amapulumutsa masiku ambiri. Njerwa imadya nthawi ndi simenti, ndipo kudutsitsamo paipi ndi ntchito ya hamala ndi tchizulo.

Kusiyana kwenikweni kuli pa nthawi yoganiza. Khoma la njerwa limalola mwini nyumba kusintha maganizo ngakhale patatha zaka. La bolodi limafuna kuti adziwiretu pokhala TV ndi makina, kuti mmisiri aikiretu thabwa mkati asanatseke. Chigawo cha panja cha makina oziziritsira, chomwe chimalemera makilogalamu 25 kapena kuposa, malo ake ndi pakhoma la njerwa kapena pa konkire pansi. Safunsa anadya phula: musanagule bulaketi, mufunseni amene anamanga khomalo kuti mkati anaikamo chiyani.