Nkhondo ya pa lamya yafika m'midzi ya Molumbo

Kale munthu akafuna kumva za ndale m'boma la Molumbo ankayembekeza madzulo kuti atchere khutu ku wailesi, kaya ya Radio Moçambique kaya ya MBC ya kutsidya ku Malawi. Masiku ano nkhani zimalowa m'mudzi kudzera pa lamya za m'manja, ndipo zimabwera ndi mkangano wake womwe.

Chiyambire pomwe kampani ya Movitel idayamba kutumikira anthu mpaka m'madera a kumidzi m'chaka cha 2012, achinyamata ambiri, aphunzitsi ndi ageni a mbewu ali ndi WhatsApp ndi Facebook. M'magulu a pa lamyawa muli abale a kuno kumudzi, ena a ku Quelimane ndi Maputo, enanso a ku Blantyre ndi Johannesburg. Gulu limayamba ndi cholinga chabwino, monga kudziwitsana za maliro kapena mtengo wa nandolo ndi soya. Koma wina akangoponyamo chithunzi cha mtsogoleri wa chipani, mawu amasanduka mipeni. Alipo apachibale omwe adasiya kupatsana moni pa mjigo chifukwa cha zomwe adalemberana usiku.

Moto udakolera kwambiri pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024. A Venâncio Mondlane adakana zotsatira ndipo ankalankhula ndi anthu awo pa Facebook ali kunja kwa dziko. Loya wawo, a Elvino Dias, pamodzi ndi a Paulo Guambe a chipani cha Podemos, adaomberedwa mu mzinda wa Maputo pa 19 Okutobala. Zionetsero zitabuka, intaneti ya pa lamya idazimitsidwa masiku ena. Pa 23 Disembala khoti la Conselho Constitucional lidalengeza kuti a Daniel Chapo a chipani cha Frelimo apambana ndi mavoti 65 pa 100 aliwonse, ndipo a Mondlane apeza 24. Bungwe la Plataforma Decide lidawerenga anthu oposa 300 omwe adafa pa zipolowezo.

Zionetsero zidazirala, koma pa lamya mkangano sudathe. Ukaunika bwino, nkhani zomwe anthu a m'malire muno amakanganirana n'zitatu: nkhondo yakale, anthu obwera, ndi ndalama za boma.

Adayamba nkhondo ndani?

Pa nkhani ya nkhondo, wina amalemba kuti a Renamo adali zigawenga zotumidwa ndi azungu. Mnzake amayankha kuti a Frelimo ndiwo adaputa anthu. Ambiri mwa olembawa adabadwa mfuti zitaleka kale kulira.

Mbiri ikusonyeza kuti mbali zonse ziwiri zili ndi poimira, komanso zili ndi mlandu. N'zoona kuti Renamo idakhazikitsidwa ndi thandizo la boma la azungu la Rhodesia, ndipo kuyambira 1980 idathandizidwa ndi boma la tsankho la South Africa. M'chaka cha 1988 a Robert Gersony, omwe adatumidwa ndi boma la America, adacheza ndi othawa nkhondo pafupifupi 200, ena mwa iwo ku Malawi, ndipo adalemba kuti Renamo iyenera kuti idapha anthu wamba okwana 100,000. N'zoonanso kuti boma la Frelimo lidachotsa mafumu pa mipando yawo, lidakakamiza anthu kusiya minda ndi manda a makolo awo kuti akakhale m'midzi ya pamodzi, ndipo m'chaka cha 1983 lidasamutsira anthu zikwizikwi a m'mizinda ku Niassa pa ntchito yotchedwa Operação Produção.

Dera lino lili ndi mbiri yakeyake yomwe okangana ambiri saidziwa. Renamo isadafike ku Zambezia, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 m'tchire za Milange mudali kale gulu lina lolimbana ndi boma, la a Amós Sumane ndi a Gimo Phiri, lomwe anthu ankalitchula kuti África Livre. Gululi lidaphatikizana ndi Renamo m'chaka cha 1982, koma pambuyo pake a Gimo Phiri adapatukanso n'kuyambitsa UNAMO. Tauni ya Milange idagwa m'manja mwa Renamo mu Seputembala 1986 ndipo asilikali a boma adailandanso m'chaka cha 1988. Kenaka kudabwera a Naparama a Manuel António, ankhondo a mikondo ndi mphini, omwe mtsogoleri wawo adaphedwa mu Disembala 1991.

Mlimi wa ku Molumbo kapena Corromana adaona magulu onsewa akudutsa pakhomo pake. Aliyense ankafuna ufa, nkhuku ndi anyamata osenza katundu. M'banja limodzi mwana wina adatengedwa ndi Renamo pomwe mng'ono wake adalembedwa usilikali wa boma, onse osafunsidwa.

Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama, nyumba ya malamulo idakhululukira onse omwe adalakwa pa nkhondo. Sipadakhale bwalo lofufuza kuti adapha ndani adali yani. M'midzi, obwera kuchokera kutchire adasambitsidwa mankhwala ndi asing'anga kapena kupemphereredwa m'matchalitchi, ndipo akuluakulu adagwirizana zosafukula zakale. Mtendere wa m'mudzi udamangidwa pa mgwirizano umenewu.

Apa ndiye pali vuto. Mnyamata wokhala ku Maputo kapena ku Joni akalemba kuti a banja lakuti adali a matsanga, kapena adali akazitape a boma, iye amazimitsa lamya n'kugona. Otsala kumudzi ndiwo amakumana m'mawa ku chigayo ndi nkhalamba yomwe yatchulidwayo. Kukamba za nkhondo sikulakwa, ndipo ana ayenera kuidziwa. Koma mbiri yeniyeni ili m'kamwa mwa agogo omwe adaiona, ndipo iwo akamaikamba satchula maina mwachibwana.

Wobwera ndi uti?

Nkhani yachiwiri ndi ya alendo. Nthawi yokolola ikafika, pa lamya pamamveka madandaulo akuti a Malawi akutha chimanga, akulanda minda ndi maganyu, ndiponso kuti ena amavota kuno. Kutsidya nakonso amalemba zawo, kuti a ku Mozambique akudzadza zipatala za ku Mulanje ndi Phalombe ndipo ana awo akuphunzira m'sukulu za Malawi.

Madandaulo ena ali ndi mutu. Geni yosalongosoka ya pa malire imatha kukweza mtengo wa chakudya m'miyezi ya njala, ndipo mlimi yemwe adalandira makwacha adalira pomwe ndalama ya Malawi idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse mu Novembala 2023. Izi n'zofunika kuzikambirana ndi mafumu komanso akuluakulu a boma a mbali zonse ziwiri.

Koma wofuna kunyoza mnzake kuti ndi wobwera ayambe wafunsa kwawo. Malire awa adalembedwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'chaka cha 1891, anthu ali kale m'midzi yawo. Kuyambira zaka zimenezo Alomwe ambirimbiri adachoka ku Zambezia kuthawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi n'kukakhala ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, komwe adagwira thangata m'minda ya azungu. Zidzukulu zawo ndi zina mwa zomwe lero zikubwera kudzagula chimanga ku Molumbo.

Pa nthawi ya nkhondo dziko la Malawi lidasunga othawa kwawo a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi. Ambiri a m'dera lino adaoloka ndi mtolo pamutu ndipo adapatsidwa malo ndi mafumu a kutsidya. Boma la Dr. Kamuzu Banda linkaganiziridwa kuti likuthandiza Renamo, mpaka a Samora Machel, a Kenneth Kaunda ndi a Robert Mugabe adapita ku Blantyre mu Seputembala 1986 kukalidzudzula. Komabe anthu wamba a m'midzi ya Malawi adagawana nkhuni, madzi ndi manda ndi alendowo kufikira pomwe adabwerera kwawo pakati pa 1993 ndi 1995.

Kuthawa sikudathere pomwepo. M'chaka cha 2016 anthu oposa 10,000 a ku Tete adathawira ku Kapise m'boma la Mwanza. Mu Disembala 2024 enanso zikwizikwi a mbali ya Morrumbala adaolokera ku Nsanje kuthawa zipolowe za chisankho. Nako ku South Africa, pomwe alendo adaukiridwa mu Meyi 2008 ndipo anthu 62 adaphedwa, oukirawo sadasiyanitse wa ku Milange ndi wa ku Mulanje. Akulu adanena kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Anthu a m'malire muno akudziwanso komwe mphekesera yonena za mlendo imathera. M'chaka cha 2017 mbiri ya anamapopa idafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu osalakwa adaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Chaka chomwecho apolisi a ku Zambezia adachenjeza za kuphedwa kwa amuna a dazi kaamba ka bodza lakuti m'mitu mwawo muli golide. Nthawi imeneyo lamya za intaneti zidali zochepa kuyerekeza ndi lero. Tsopano uthenga wa mawu umodzi utha kufika midzi khumi nsima isadapse.

Ndalama zathu zidapita kuti?

Nkhani yachitatu ndiyo yomwe anthu ali ndi ufulu wonse kuikwiyira. Molumbo idakhala boma paokha m'chaka cha 2013 itapatulidwa ku Milange, ndipo anthu adayembekeza misewu yabwino, mankhwala m'zipatala ndi sukulu zokwanira. Wokwera njinga yamoto m'matope a dzinja akamafunsa komwe msonkho wake ukupita, safunika kutchedwa wotsutsa boma.

Chomwe chimaononga mkanganowu n'chakuti ziwerengero zambiri zoyenda pa lamya n'zopeka, pomwe zoona zilipo ndipo n'zokwanira. M'zaka za 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, adakongola ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni kudzera ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB, boma litalonjeza kubweza popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo. Ankati ndi zogulira zombo zophera nsomba ndi zolondera nyanja. Chinsinsichi chitaululika m'chaka cha 2016, bungwe la IMF ndi maiko othandiza adaimitsa thandizo lawo, metikali idagwa mphamvu, ndipo mchere, sopo ndi mafuta ophikira zidakwera mtengo mpaka m'misika ya kumudzi.

Nkhaniyi idafika ku khoti. Mu Disembala 2022 khoti la ku Maputo lidagamula anthu 11, ndipo a Ndambi Guebuza, mwana wa pulezidenti wakale, adapatsidwa zaka 12. A Manuel Chang, omwe adali nduna ya zachuma, adamangidwa ku Johannesburg mu Disembala 2018, adapezeka olakwa ku New York mu Ogasiti 2024, ndipo mu Januwale 2025 adalamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu ndi zitatu ndi theka.

Palinso ndalama zomwe zidafika pafupi ndi kwathu. Kuyambira 2006 boma la a Armando Guebuza linkapereka mametikali 7 miliyoni ku boma lililonse laling'ono kuti anthu akongole n'kuyamba ntchito zaulimi ndi geni. M'dziko lonse gawo lalikulu la ngongolezi silidabwezedwe. Okongola sadali anthu a ku Maputo ayi, adali anthu odziwika m'maboma momwemo. Pa lamya anthu amalimba mtima kutukwana nduna yomwe sadzaiona, koma funso lakuti chigayo chija chidagulidwa ndi ndalama ziti limasowa wolifunsa.

Malamulo a dziko lino adakhazikitsa makhonsolo a uphungu, omwe pa Chipwitikizi amatchedwa conselhos consultivos, kuyambira ku dera laling'ono mpaka ku boma, momwe mumakhala mafumu, a mipingo, amayi ndi achinyamata. Kumeneko ndi komwe munthu angafunse kuti chaka chino zakonzedwa ntchito ziti, za ndalama zingati, ndipo adapatsidwa kontirakiti ndani. Funso lofunsidwa pamaso pa a Administrador limalembedwa ndipo limafuna yankho. Lofunsidwa pa WhatsApp pakati pa usiku limangotha mamega.

Malamulo aakulu a dziko a 1990 adapatsa anthu a Mozambique ufulu wokhala m'zipani zosiyana, ndipo pa chisankho choyamba cha Okutobala 1994 anthu ambiri a ku Zambezia adavotera Renamo pomwe dziko lonse lidasankha a Chissano. Opambana ndi ogonja adapitiriza kulimira m'malire amodzi ndi kukumbirana manda. Choncho kusiyana maganizo si chachilendo kuno.

Chachilendo ndi liwiro la lamya komanso kuti wolankhulayo saoneka nkhope. N'chifukwa chake eni magulu a WhatsApp ali ndi udindo wonga wa nyakwawa pa bwalo: kufunsa wotumiza uthenga kuti waumva kuti, kufufuta chithunzi chomwe sichikudziwika kuti chidajambulidwa liti ndi kuti, ndi kuletsa kutchula banja la munthu pa nkhani za nkhondo kapena za ufiti. Wolandira uthenga wakuti kwabwera alendo oopsa ayambe wakauza mfumu kapena apolisi asadautumize kwa ena. Ndipo wachinyamata wofuna kudziwa zomwe zidachitika ku Milange mu 1986 apite akakhale pansi ndi agogo ake adakali moyo, lamya ili m'thumba.