Dzina la Chipangizo Choseŵerera pa Kompyuta

Maseŵera akale a Nintendo ndi Sega tsopano amaseŵeredwa pa kompyuta kudzera m'mapulogalamu otsanzira makina akalewo. Nanga chipangizo chogwira m'manja poseŵerapo chitchedwe chiyani?

Dzina lobwereka lakuti "padi" nlosokoneza. Mphunzitsi wa ku Mponela m'boma la Dowa, kapena wa ku Ntchisi, akalemba "mapadi" pabolodi, ophunzira aganiza za zimene amayi amavala akakhala kumwezi. "Chiwongolero" nacho ncha galimoto. Choncho dzina loyenera ndi "chowongolera maseŵera", ndipo batani lake la mbali zinayi litchedwe "mtanda".

Posankha chowongolera, mtanda wake ukhale wosaphonya, pakuti maseŵerawo adakonzedwera mtanda, osati kandodo kopendeketsa. Mabatani oseŵerera aŵerengedwenso: Famicom ya 1983 idali ndi aŵiri, Mega Drive ya 1988 atatu, Super Famicom ya 1990 asanu ndi limodzi. Mabatani akapereŵera, maseŵera ena satheka.