Mbedza ya nthenga pa phiri la Zomba

Msodzi wa ku Kachulu atamva kuti wina wawedza tsiku lonse popanda nyongolotsi ku mbedza, akhoza kuseka mpaka kugwetsa misozi. Koma pamwamba pa phiri la Zomba ndi ku Chelinda, kumalo osungirako nyama zakutchire a Nyika, kawedzedwe kake n'komweko.

Nsomba yake ndi trout, yomwe atsamunda a ku Britain adabwera nayo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Imakonda madzi ozizira ndi oyera, n'chifukwa chake simungaipeze m'nyanja ya Chilwa.

Nyambo yake ndi nthenga ndi ulusi zomwe amazimanga pa mbedza kuti zioneke ngati kachilombo. Msodzi amaponya chingwe mwaluso kuti nyamboyo itere pamadzi mwakachetechete, nsomba n'kuyesa chakudya.

Apa ndi pomwe wolondolera alendo amapezera ya ndiwo. Iye amadziwa dziwe lomwe nsomba imabisala, nthawi yomwe imadya komanso tizilombo tomwe tikuuluka tsiku limenelo. Popanda iye, mlendo amabwerera chimanjamanja.

Koma ntchitoyi ili pachiopsezo. Mitengo ikatha m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, dzuwa limatenthetsa madzi ndipo matope amakwirira timiyala tomwe nsombayi imaikirapo mazira. Trout ikasowa, mlendo sabweranso, banja la wolondolera ligona ndi njala.

Tisaiwalenso kuti madzi a Mulunguzi omwewo ndi amene amatuluka m'mipopi ya mumzinda wa Zomba. Wotentha tchire paphiripo akudzitentha yekha.