Mwana akabwera ndi kabirimankhwe kunyumba

Mvula yoyamba ikagwa kuno ku Chezi ndi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ana amayamba kutola tiana ta birimankhwe m'tchire ndi m'mipanda. Wina amabwera nako kunyumba kali pakamtengo, n'kupempha kuti akawete. Makolo ambiri amakuwa, mwala uli kale m'manja. Ena amangoti "kaike m'botolo", ndipo pakatha masiku ochepa kanyamako kamafa. Njira zonse ziwirizi n'zolakwika, ndipo chimene chingadwalitse mwana wanu si chimene ambiri tinakula tikuchiopa.

Birimankhwe, amene ena amati nanzikambe, alibe ululu ngati wa njoka. Malovu ake sachititsa khungu kapena khate, ndipo si zoona kuti akaluma sasiya. Akadzitukumula, kuda bii ndi kuyasamula kukamwa, ndiye kuti akuopa inuyo. Wamkulu angathe kuluma n'kusiya timabala ting'onoting'ono. Tsukani pamalopo ndi sopo ndi madzi ambiri. Ndinaonapo mwana amene chala chake chinatupa n'kuchita mafinya. Chinatupitsa chalacho si mano a birimankhwe ayi, koma dothi ndi masamba otafuna zimene akuluakulu anamata pabalapo pofuna "kuchotsa poizoni". Dothi pabala ndi njira ya kafumbata. Bala likafiira, kutentha kapena kutupa, pitani naye mwana kuchipatala.

Ngozi yeniyeni ili m'ndowe zake. Nyama zokwawa monga abuluzi, akamba, njoka ndi abirimankhwe zimasunga tizilombo ta Salmonella m'matumbo mwake koma izo osadwala. Tizilomboti timamatirira pakhungu la nyamayo, pamitengo imene imakwera ndi m'manja mwa woigwira. Mwana akagwira kenako n'kutema nsima osasamba m'manja, angayambe kutsegula m'mimba, kutentha thupi ndi kumva kupotokola m'mimba pakati pa maola 6 ndi masiku 6. Ku America boma linaletsa kugulitsa tiakamba ting'onoting'ono m'chaka cha 1975 chifukwa cha matenda omwewa mwa ana.

Kwa mwana wamkulu wathanzi, matendawa amatha okha m'masiku 4 mpaka 7. Kwa khanda, mwana wonyentchera, wochepa magazi, amene wangodwala malungo kapena amene ali ndi HIV, tizilomboti tingathe kulowa m'magazi. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akuona kwa zaka zambiri kuti Salmonella ndi mmodzi mwa tizilombo tomwe timapezeka kawirikawiri m'magazi a ana odwala kwambiri. Sindikunena kuti onsewo anatenga kwa birimankhwe, pakuti njira zake ndi zambiri, kuphatikizapo chakudya ndi madzi. Komabe mwana wosakwana zaka 5 asagwire nyamayi, ndipo isalowe m'nyumba yogona, kukhitchini kapena pafupi ndi thandala la mbale. Woigwira asambe m'manja ndi sopo pa mpondagiya nthawi yomweyo. Inu mavolontiya a zaumoyo, mukapeza mwana akutsegula m'mimba, muyambitseni Thanzi ORS ndi zinki, ndipo funsaninso ngati pakhomopo pali nyama imene ana akuseweretsa. Magazi m'chimbudzi, maso olowa, kufooka kapena kukana kumwa ndi kuyamwa ndi zizindikiro zoti mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga mwana wa zaka 10 akaumirira kuti aweta? Dziwani kuti nyamayi ndi yovuta kusunga. Ku Ulaya ndi ku America anthu amaweta mtundu wochokera ku Yemen ndi Saudi Arabia, wotchedwa veiled chameleon chifukwa cha chipewa chachitali chapamutu pake. Amaugulira magetsi apadera ndi ufa wa kashiamu, komabe tiana tambiri timafera m'manja mwa oweta koyamba. Wathu wobiriwira uyu, Chamaeleo dilepis, ndi m'bale wake, ndipo zofuna zawo n'zofanana.

Choyamba ndi dzuwa. Khungu lake, monga lathu, limapanga vitamini D likawombedwa ndi dzuwa, ndipo popanda vitaminiyu kashiamu salowa m'mafupa. Kamwana kosungidwa m'nyumba kamapindika miyendo, nsagwada zimafewa, lilime limalephera kuponya. Ndi matewe omwe aja timawaona mwa ana a anthu. Dzuwa lodutsa pagalasi la zenera silithandiza, chifukwa galasi limatchinga cheza chofunikacho. Koma botolo kapena chitini choikidwa padzuwa chimasanduka uvuni. Pamafunika khola lalitali lolowa mphepo mbali zonse, lokhala ndi nthambi zamasamba kuti pakhale dzuwa mbali ina, mthunzi mbali ina. Musalikute ndi neti ya udzudzu: ili ndi mankhwala ophera tizilombo, komanso ntchito yake ndi pamphasa pa mwana wanu.

Madzi ndiye amasokoneza ambiri. Birimankhwe kawirikawiri samwa m'mbale. Amanyambita mame ndi madontho a mvula pamasamba, choncho muziwaza madzi oyera pamasambawo m'mawa ndi madzulo. Maso ake akayamba kulowa, ndiye kuti madzi atha m'thupi.

Amadya zamoyo zoyenda zokha: tiziwala, ntchentche, ngumbi. Kamwana kamadya tsiku lililonse, ndipo chakudyacho chisakule kuposa mpata wa pakati pa maso ake. Apa samalani, chifukwa nyengo yomweyi ndi imene timapopera mankhwala m'chimanga, m'fodya ndi m'madimba a tomato. Chiwala cha m'munda wopopera chingaphe kanyamako, komanso mwana wanu sayenera kukwawa m'menemo posaka ziwala. Musaike awiri m'khola limodzi, amamenyana. Kumugwiragwira nakonso kumamudwalitsa. Kusintha mtundu kuja makamaka kumaonetsa mmene akumvera: akakhala wakuda tsiku lonse ndiye kuti wazizidwa kapena ali ndi mantha. Musamuzule panthambi mokakamiza, mungamuthyole zala.

Mukaonkhetsa zonsezi muona kuti khola labwino ndi mtengo wa gwafa kapena mpanda wamasamba kuseri kwa nyumba. Ine ndimalangiza makolo kuti mwana abwezere kanyamako patchire pomwe anakatola, kapena pachitsamba cha pafupi pomwe amphaka ndi nkhuku safika. Madzulo apite ndi tochi. Birimankhwe akagona amayera, ndipo amaoneka msanga kunsonga kwa nthambi. Mwanayo adzaona maso aja akuyang'ana kuwiri nthawi imodzi, ndi lilime lotalika ngati thupi lonse likugwira ntchentche.

Pali wina amene musamuchotse n'komwe pamalo pake. M'nkhalango ya Ntchisi mumakhala kabirimankhwe kofiirira ngati tsamba louma, kosaposa chala kutalika, kamene kamayenda pansi m'masamba. Katswiri wina, Arthur Loveridge, anakalemba m'chaka cha 1953, ndipo dzina lake la sayansi, Rhampholeon nchisiensis, linachokera ku phiri la Ntchisi lomwelo. Kameneka kamafuna chinyezi cha m'nkhalango ndipo pakhomo sikakhalitsa. Munthu akabwera kudzauza ana anu kuti amutolere abirimankhwe n'cholinga chokagulitsa kunja, kanani ndipo dziwitsani a Nthambi Yoona za Nyama Zakutchire, chifukwa kutumiza nyamazi kunja popanda chilolezo ndi mlandu.