Kanjira ka plazima kothamangitsira ma elekitironi

Ophunzira, makolo ndi a komiti, mwina mudamvapo za makina a ku CERN, pafupi ndi Geneva, amene ngalande yake ndi yozungulira makilomita 27. Ntchito yake ndi kuthamangitsa tizidutswa ta atomu. Makina othamangitsa tizidutswa m'njira yowongoka amatalika kwambiri chifukwa magetsi okankha tizidutswato ali ndi malire: mukawachulutsa kwambiri, zitsulo za m'kati zimathetheka n'kuwonongeka. Ndiye akatswiri amangotalikitsa njira.

M'chaka cha 1979, Toshiki Tajima ndi John Dawson a ku UCLA, ku America, adapereka ganizo loti m'malo mwa zitsulo mugwiritsidwe ntchito plazima. Plazima ndi mpweya umene ma elekitironi ake achoka pa ma atomu awo. Kanjira kowala kamene timaona mphezi ikang'anima ndi plazima. Poti ndi chinthu chosweka kale, magetsi alibenso choti aswe.

Kuwala kwamphamvu kwa leza kukalowa mu plazima kumakankhira ma elekitironi pambali, n'kusiya mafunde kumbuyo ngati mmene boti limachitira panyanja. Ma elekitironi ena amakwera mafundewo n'kumathamanga nawo, mphamvu yawo ikukulirakulira.

Vuto lake n'lakuti kuwalako sikuchedwa kumwazikana, ndipo kukatero mafunde amazilala. Apa ndi pamene pamandikometsera nkhaniyi. Amayamba atumiza leza ina yocheperapo mphamvu mu mpweya wa haidrojeni, imene imasandutsa kamzere kopyapyala ngati tsitsi kukhala plazima yotentha. Kamzereko kamafutukuka, pakati pake n'kukhala popepuka, m'mbali mothithikana. Leza yaikulu ikafika, m'mbalimo mumaibwezera pakati, ndipo imayenda mosamwazikana ngati madzi mu paipi. Njirayi adaionetsa Charles Durfee ndi Howard Milchberg ku University of Maryland mu 1993.

Mu 2024, gulu la BELLA ku Berkeley lidafikitsa ma elekitironi pa mphamvu ya pafupifupi 10 GeV m'kanjira kotere ka masentimita 30 okha. Yerekezani ndi makina a SLAC ku California, amene ankafuna makilomita oposa 3 kuti afike pa 50 GeV.

Komabe tisathamange magazi. Leza ya BELLA imawombera pafupifupi kamodzi pa sekondi, ndipo imafuna chipinda chachikulu payokha. Kuti makina otere adzathandize zipatala kujambula m'thupi kapena kuwotcha khansa, pakufunika leza zowombera kambirimbiri pa sekondi popanda kutentha mopitirira, ndipo ntchito imeneyi idakali m'kati.